Khosi Latsopano la Pikapu ya aMagalasi

Amuna anga anthu amawatcha aMagalasi, ndipo dzina lawo lenileni ndikukayika ngati abale awo ena akulikumbukira. Sikuti amavala magalasi a m'maso ayi, maso awo amaona ngakhale singano imene ine telala ndaigwetsa n'kuisowa. Dzinali linabwera chifukwa cha ntchito. Kuyambira ndisanawadziwe, iwo ankanyamula magalasi a mawindo ndi odziyang'anira pa pikapu, kuchoka kushopu yodula magalasi kupita kulikonse kumene anthu akumanga nyumba.

Pikapuyo ndi yoyera, kapena ndinene kuti inali yoyera tsiku limene inkagulidwa. Kumbuyo kwake anawotchererako chimango chachitsulo chosongoka ngati denga, n'kuchikulunga ndi zidutswa za matayala akale komanso mabulangete anga, amene ankasowa m'nyumba limodzilimodzi popanda wondipempha. Magalasi ankawatsamiritsa pachimangocho choimirira. Galasi ukaligoneka, pabampu yoyamba lasweka. Zimenezi ndinaphunzitsidwa tisanakwatirane n'komwe, pamene atsikana anzanga ankauzidwa kuti ndi okongola.

Akamaliza kumanga zingwe ankakhala pampando, n'kuvula nsapato yakumanja, n'kuikankhira pansi pa mpando. Ankati wonyamula magalasi saponda moto ndi nsapato chifukwa nsapato ndi yogontha. "Phazi ndiye limamva, mayi a ana," ankatero. Chopondera moto ankachisisita ndi chala chachikulu, pikapu n'kunyamuka iwe wokweramo osadziwa kuti yanyamuka. Ankayenda mofatsa moti apanjinga ankawapitirira akuwaimbira belu, madalaivala a minibasi akuwalalatira pawindo. Iwo phee, maso patsogolo. Zaka zonsezo sanaswepo galasi ndi limodzi lomwe, ndipo nkhani imeneyi ankaiuza aliyense wofika pakhomo pathu, ngakhale wongobwera kudzasoketsa zipi.

Ine ndinawakonda chifukwa cha kufatsa komweko. Anabweretsa galasi lodziyang'anira pamalo pamene ndinkaphunzira kusoka, ndipo ndinaona mmene analitsitsira, ngati akutsitsa wodwala. Ndinati mwamuna wotere sangandivute. Sindinalakwitse kwenikweni. Chimene palibe anandiuza n'chakuti munthu wofatsa akauma mutu, wolongolola ngati ine amatha mawu iye asanasunthe n'komwe.

Vuto linayambira m'phazi lomwelo, ndipo amene analiona poyamba ndi ine. Makina anga ndi opalasa ndi mapazi, tsiku lonse ndimakhala pakhonde ndikupondaponda, choncho mapazi a anthu ndimawayang'ana kuposa nkhope zawo. Ndinaona nsapato yawo yakumanja ikutha kutsogolo, pamphuno, pamene inzake inali bwinobwino. Akamayenda pasimenti ndinkamva phazi limodzi likuti phwa, ngati munthu waponya nsanza yonyowa. Tsiku lina akuchokera kubafa, patapata inawavuka pakati pa bwalo, iwo n'kupitirira mpaka m'nyumba osadziwa. Ndinaitola n'kukaiika pakhomo mwakachetechete. Ndinachita mantha, chifukwa pakhomo pathu chilichonse chinkadalira phazi limenelo: lendi, chakudya, ndi nyumba yathu imene zipupa zake zinali zitaima kudikira denga. Ndipo munthu mwiniwakeyo, mukamuchotsa pampando uja, sindinkadziwa chimene chingatsale.

Iwo anati pikapu yafooka.

"Ikukana kukoka. Pachitunda cha kuthanki ya madzi paja ndikuponda mpaka pansi, koma ikungolira ngati ili ndi njala."

"Mpaka pansi ndithu?" ndinafunsa, maso ali pa nsalu.

"Mayi a ana, inu zisokani madiresi."

Anapita nayo kwa aSipanala, mnzawo wa paubwana, makaniko amene ali ndi galaja ya malata kuseri kwa malo omwetsera mafuta. ASipanala anasintha mapulagi. Anasintha sefa ya mpweya, kenako sefa ya mafuta. Atatopa anakwera okha n'kukaiyesa pachitunda chija, ndipo inakwera ngati mbuzi. Amuna anga anati n'chifukwa choti inalibe katundu. Anaikamo matumba a simenti, inakweranso chimodzimodzi. Apo amuna anga anati aSipanala amaizunza galimoto, iwo saponda mwankhanza choncho.

Patapita masiku aSipanala anafika pakhonde panga ndi ovolosi yong'ambika, yomwe ngakhale wakhungu akanaona kuti siyofunika kusoka koma kutaya. Anakhala pabenchi akupotokola chipewa.

"Alamu, ine ndimakonza zitsulo basi. Koma ndinakhala pambali pawo ndikuyang'ana pansi. Akamati aponda mpaka pansi, chopondera chija sichikufika ndi pakati pomwe."

"Ndiye osawauza bwanji?"

"Ine? Muwauze ndinu, mumagona nawo nyumba imodzi."

"Inu mwakula nawo limodzi!"

Tinangoyang'anana, anthu akuluakulu awiri, manja lende. Ovolosi ija anaiiwala pompo, mpaka lero ndimapukutira makina.

Tsoka lake, amene sanachite manyazi kuyankhula anali munthu wina. Pamalo omwetsera mafuta paja pamasonkhana amuna ena a mapikapu onyezimira, amene sanyamula kanthu kupatula eni ake. Mtsogoleri wawo ndi bambo wina wa pikapu yofiira, ine ndinangomutcha aPhokoso. Ameneyo amaitanitsa zipangizo kunja, ndipo atamva amuna anga akudandaula anawatsegulira boneti n'kuwaonetsa chinthu chonyezimira chabuluu. Anati injini ili ngati munthu, ikabanika singathamange.

Chinthucho ndinachidziwa bwino pambuyo pake, chifukwa chinalowa m'nyumba mwathu ngati mkazi wachiwiri. Pakati pa sefa ya mpweya ndi injini pali chitsulo chonga chitini chobooka mbali zonse, m'kati mwake muli kachitseko kozungulira. Ukaponda moto, waya amakoka kachitsekoko, mpweya n'kulowa mu injini. Ena amati thirotolo, koma aSipanala amangoti khosi. La aPhokoso linali lalikulu kuposa lobadwa nalo galimoto, ndipo silinali logula pashelefu. Unkatumiza miyeso ya injini yako, amisiri a kunjako n'kukusulira lakolako. Mtengo wake amuna anga sanandiuze. Anangotsokomola, ndipo kutsokomola kwawo ndimakudziwa.

Tsiku lokakambirana ndi aSipanala ndinawatsatira, ndikunamizira kuti ndikukagula mafuta a makina. ASipanala anamvetsera akupukuta manja, kenako anapukusa mutu.

"Achimwene, khosi lalikulu ndi la magalimoto a mpikisano, aja amene injini imalira mpaka kumapeto, ndiponso zonse za m'kati anazisintha. Yanuyi imayenda ngati yanyamula mkwatibwi. Mpweya umene imafuna, theka la khosi lakaleli likukwanitsa. Mwana mukamupatsa kapu yaikulu sindiye kuti mimba yake yakula."

"Koma ya uja wa yofiira ikuuluka."

"Ikuuluka m'makutu. Mphamvu sizikhala m'khosi, injini ikhala yomweyi. Chimene mupeze n'chimodzi chokha, ndipo ndi choipa kwa munthu wa magalasi. Mukangokhudza pang'ono, iyo izidumpha."

Amuna anga anadzutsa mutu.

"Kungokhudza pang'ono?"

"Pang'ono chabe. Ndiye vuto lakelo."

Sanafunsenso china. Ndinaona nkhope yawo ikuwala. ASipanala ankaganiza kuti akuwaletsa, osadziwa kuti awagulitsa kale. Apo ndi pamene ndinazindikira kuti amuna anga sanali opusa. Pansi pa mtima ankadziwa chimene chafooka.

M'chipinda chathu chogona, kuseri kwa bedi, munali malata a nyumba yathu. Tinkagula pang'onopang'ono, ndipo ndinkawapukuta fumbi ngati mipando ya alendo. Tsiku lina nditabwera kogula nsalu ndinapeza khoma lili mbee, pansi patangotsala mizere ya dzimbiri. Ndinadziwa pompo kuti malata agulitsidwa kuti alipire khosi lija. Kenako ndinatuluka, ndipo anthu oyandikana nafe amene anali asanamvepo mawu anga onse anawamva tsiku limenelo.

Iwo anali patebulo akumwa tiyi. Anandisiya mpaka nditatha. Nditatha ndinatseka chitseko, n'kunena motsitsa mawu chimene ndinakhala ndikuchimeza miyezi yonse ija.

"Bambo a ana, si galimoto. Ndi mwendo wanu."

Anaika kapu pansi bwinobwino, ngati mmene amaikira chilichonse.

"Mwauza ndani?"

"Palibe. Koma tiyeni kuchipatala."

"Akakandiuza kuti ndisiye kuyendetsa, ndiye? Mudzandisokera ntchito ina pamakina anuwo? Mayi a kushopu akangomva kuti aMagalasi mwendo wawakana, mukuganiza kuti adzandipatsanso galasi ngakhale la pawindo la kuchimbudzi?"

"Nanga mukagunda munthu?"

"Ndinagundapo ndani chiyambire?" Kenako anati, "Ndi kutopa chabe. Khosi lija likabwera mwendo upuma, uchira wokha. Ndipatseni mpata, mayi a ana."

Sanandipemphepo kanthu ndi mawu amenewo chikwatiranireni. Ndikanatani? Kukanena kushopu kunali kuwachotsa ntchito ndi pakamwa panga. Kukhala chete kunali kuwalola kutuluka m'mawa uliwonse ndi phazi losamva pamsewu wodzaza anthu. Kuwanyamula kupita nawo kuchipatala sindikanatha, si mwana woti n'kubereka kumbuyo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo iwo anali atachikhoma. Ndinapita pakhonde n'kusoka siketi ya munthu molakwika, ndinachita kuisomola yonse.

Khosi lija linafika m'kabokosi kokongola, litakulungidwa ngati dzira. ASipanala analiika akung'ung'udza, ndipo lakale analikulunga m'nyuzipepala n'kunena kuti tisalitaye. Ndinene zoona, chinthucho chinali chokongola. M'kati mwa boneti yakuda ndi mafuta chinkaoneka ngati mlendo wovala suti pakati pa anthu olima.

Ndipo poyamba chinagwira ntchito, ndiye chimene chimandipweteka kwambiri. Lamlungu lina masana anandiuza kuti ndivale bwino tikayende. Tinafika pachitunda cha kuthanki, iwo anangogwedeza chala, pikapu n'kukwera osadandaula. Anaseka mokweza, kuseka kumene ndinali nditakuiwala.

"Mwaona? Ndinkanena ine! Inali kubanika!"

Nanenso ndinaseka. Ndinkafuna kukhulupirira, ndipo masiku amenewo ndinakhulupiriradi pang'ono. Ankadzuka akuimba mluzu. Ankatsegulira boneti aliyense, mpaka mayi wogulitsa makala anaonetsedwa. Ndinayamba kudzifunsa ngati ine ndi aSipanala sitinali anthu oipa mtima, ofunira mnzathu matenda. Denga tidzagula lina, ndinkatero, bola munthu akuseka.

Koma mafuta inkamwa ngati kale, mwinanso kuposa. M'mawa kukazizira injini inkanjenjemera n'kuzima yokha, mpaka aSipanala anaikonzakonza maulendo angapo. Ndipo zimene ananena zija zinafika. Ntchito ya magalasi si ya pachitunda, ndi ya pamzere wa magalimoto, pamabampu, pamageti opapatiza a nyumba zomangidwa kumene, malo amene pamafunika moto wochepa ngati mchere wa m'phala la mwana. Khosi lakale linkakhululuka, phazi likalemera pang'ono galimoto sinkadziwa. Latsopanoli silinkakhululuka. Phazi lija linali litasiya kumva kuti lakhudza kapena lagwera, ndipo likagwera pikapu inkadumpha ngati yalumidwa.

Galasi loyamba linang'aluka pakona. Kushopu anakanena kuti linali ndi ming'alu kale, ndipo anawakhulupirira, chifukwa ndani akanakayikira aMagalasi? Madzulo amenewo sanadye. Munthu amene sananamepo pa ntchito bodza limamukhala pakhosi. Lachiwiri linali lalikulu, lodziyang'anira, la mayi wina wotsegula saluni. Linasweka pageti penipeni mwiniwake akuona, atasonkhanitsa anzake kuti adzalilandire. Anabwera kunyumba zala zili ndi timabala chifukwa anatola okha zidutswa zonse, ndipo nditawafunsa anati pageti paja panali dzenje.

"Bwezeretsani khosi lakale lija," ndinatero ndikuwatsuka zalazo.

"Ndikabwezeretsa sikwera chitunda."

Ndi lakale sakanakwera, ndi latsopano ankaswa katundu. Panalibe khosi lachitatu.

Mayi a kushopu anabwera okha pakhomo pathu masana ena, amuna anga atapita kukamwetsa mafuta. Shopu ija inali ya bambo awo, ndipo amuna anga anayamba kunyamula magalasi kumeneko mayiwa akuvalabe yunifolomu ya sukulu. Sanazungulire. Anakana ndi mpando womwe.

"Mayi, ndawaona akutsika m'galimoto. Mwendo akuchita kuukoka. Ndakhala ndikudziuza kuti sindinaone, koma makasitomala ayamba kuyankhula. Kuyambira mawa magalasi azinyamula wina."

"Chonde mayi, apatseniko ang'onoang'ono okha."

"Si za magalasi zokha. Tsiku lina kudzakhala munthu kutsogolo kwa galimoto ija." Maso awo anali ofiira. "Akafuna abwere azikhala pakauntala, aziyeza ndi kulangiza anyamata odula. Koma ine kuwauza pamaso sindingathe. AMagalasi ankandigulira maswiti ndili mwana. Muwauze ndinu."

Aliyense ankati ndiwauze ndine. Ine amene pakamwa panga pamadziwika msewu wonse, amene ndimatha kubweza wogulitsa nsalu mpaka kupepesa, madzulo amenewo ndinayamba kanayi konse n'kumathera pa nkhani ya mvula. Iwo anali pabwalo akutsuka pikapu, atatsamira chitseko ndi dzanja limodzi. Anatsuka mpaka matayala. Anapinda mabulangete aja mwadongosolo n'kukonza zingwe za mawa. Ndinangowayang'ana pawindo.

M'mawa atalowa m'galimoto ndinatseka makina anga n'kukakhala pambali pawo. Anandiyang'ana modabwa.

"Kodi lero kulibe madiresi?"

"Ndikufuna mphepo."

Ulendo umenewo ndi umene ndinaona ndi maso anga mmene ankayendetsera. Akafuna kuima, dzanja lamanja linkasiya chiwongolero, n'kugwira buluku pabondo, n'kunyamula mwendo kuuchotsa pamoto kuuika pabuleki. Ankachita mwachangu, mwaluso, ngati munthu amene wazichita kwa nthawi yaitali. Pamphambano ina mayi wina wosenza beseni anadutsa kutsogolo kwathu, ndipo tinaima beseni lija litatsala pang'ono kukhudza boneti. Mayiyo sanadziwe n'komwe. Ine ndinagwira mpando mpaka zikhadabo kupweteka, ndipo sindinanene kanthu, poopa kuti ndikayankhula dzanja lija lichedwa.

Titafika kushopu tinapeza pikapu ina itaima pamalo awo, pakhomo lotulutsira katundu. Inali yatsopanoko, ndipo dalaivala wake, bambo wa majombo akuluakulu, anali akumanga kale magalasi. Amuna anga anazimitsa injini. Anayang'ana pikapu ija, anayang'ana pawindo la ofesi pamene katani inagwedezeka, kenako anayang'ana ine.

"Munadziwa?"

"Anabwera dzulo."

Anagwedeza mutu. Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo ndikanakonda akanakalipa. M'malo mwake anavala nsapato, anatsika, n'kuyenda pang'onopang'ono kupita kwa dalaivala uja, phazi likukhula pansi anthu onse akuona. Anagwira chingwe chimodzi n'kuchikoka.

"Akulu, apa mwamangitsa kwambiri. Galasi limafuna kupuma. Ndipo pakati pa awiriwa ikanipo katoni, akakhudzana akandana."

Bambo uja anathokoza mwaulemu, osadziwa kuti akuyankhula ndi ndani. Amuna anga anabwerera, natsitsa mabulangete awiri pachimango chawo, n'kukamupatsa. Anali mabulangete anga, koma sindinatsegule pakamwa. Muofesi sanalowemo, ndipo mayi aja sanatuluke.

Pobwerera pikapu inali yopanda kanthu, chimango chokha chikulira kumbuyo. Ndinayesa kunena za pakauntala paja, kuti ndi ntchito yabwino, ya pamthunzi. Anati amva. Ndinati mwina tigulitse khosi lija kwa aPhokoso tibwezeko malata angapo. Anati analisula pa miyeso ya injini ino, silingalowe pena. Kuchokera apo ine ndinkangoyang'ana dzanja lija likupita pabondo n'kubwerera pachiwongolero.

Tinalowa pabwalo pathu dzuwa lili pamutu. Anachotsa giya, nakoka handibuleki. Kenako phazi lija linatsetsereka pabuleki n'kugwera pamoto ndi kulemera kwake konse. Injini inakuwa. Sindinaimvepo ikulira choncho, galimoto yonse inkanjenjemera, nkhuku za eni nyumba zinabalalika, utsi unadzaza pakhonde panga. Ndinadikira kuti dzanja lipite pabondo ngati nthawi zonse. Linapitadi. Zala zinagwira buluku, zinakoka, n'kupulumuka. Zinagwiranso, n'kupulumukanso. Anatembenuza dzanjalo n'kumaliyang'ana ngati la munthu wina, zala zitapindika pang'ono, zikukana kufumbata.

"Mayi a ana!" anakuwa kuti ndimve pa phokosolo. "Ndichotseni phazi!"

Ndinatsika, ndinathamanga kuzungulira kutsogolo, ndinatsegula chitseko chawo n'kugwada m'fumbi. Phazi lija ndinalinyamula ndi manja awiri. Linali lozizira ndiponso lolemera, ndipo silinandithandize ngakhale pang'ono. Nditaliika pambali injini inatsika, n'kutsala ikunjenjemera motsitsa.

Kuseri kwa mpanda bambo woyandikana nafe anasuzumira akuwomba m'manja.

"Eee, aMagalasi! Koma ndiye ili ndi mphamvu tsopano! Ndalama zanu sizinapite pachabe!"

Amuna anga anamukwezera dzanja lamanzere. Dzanja lomwelo analidutsitsa pansi pa chiwongolero n'kuzimitsa injini. Ine ndinali chigwadire, mutu wanga uli pafupi ndi bondo lawo, ndikulira mosabisa. Anayang'ana kutsogolo, kukhoma la bafa.

"Mawa mundiperekeze kuchipatala," anatero.

"Chabwino, bambo a ana."

"Mudzuke msanga. Tikakwere minibasi."